Limba la kwathu ndi zimene tidapeza m'mimba mwake

Limba la m'tchalitchi cha kwathu lidasiya kulira ine ndili ku Joni, ndipo palibe adandiuza. Pafoni ankandisimbira za maliro, za kukwera kwa feteleza, za kachewere amene adapsa ndi chiwawu, koma za limba ayi. Ndidadzionera ndekha Lamulungu loyamba nditabwerako. Pamalo pake, chakumanja kwa guwa, padali kiyibodi yakuda pakathebulo, zingwe zili yangayanga kulowera ku sipika. Limbalo ndidakalipeza kuchipinda chovalira ansembe, atalifunditsa nsalu yakutha ya paguwa, pamwamba atasanjikapo mabuku othothoka masamba ndi katoni ya tiziboliboli ta Khirisimasi.

Amene ankaliyimba ndi amalume anga, kuyambira ine ndisadabadwe. Madzulo ake tikuwotha moto, poti kuno kumapiri a Dedza mwezi wa June munthu sachezera panja, ndidawafunsa. Adayankha mwachidule: "Lidatha mpweya." Adanena monga timanenera za munthu, ndipo sadawonjezepo kanthu.

Ndineneretu kuti ine si mmisiri wa malimba. Ntchito yanga ku Joni idali yosesa ndi kutchetcha kapinga pa tchalitchi china chachikulu cha miyala. Koma m'tchalitchimo mudali limba la mapaipi, ndipo kawiri pachaka kunkabwera mdala wina wolichuna. Ntchito yochuna siyitheka munthu mmodzi. Wina amalowa m'kati momwe muli mapaipi, wina amakhala pa makiyi n'kumadina kamodzikamodzi, n'kugwiritsa mpaka wam'katiyo atakuwa kuti pita pena. Tsiku lina mnyamata wake atadwala, mdalayo adandipeza ndili ndi tsache m'manja n'kundifunsa ngati ndimadziwa kusiyanitsa kiyi yoyera ndi yakuda. Ndidati ndidakulira pambali pa limba. Kuyambira pamenepo wodina makiyi ndidali ine, ndipo pa nthawi ya tiyi ankandilowetsa m'kati kukandionetsa zinthu.

Amene sadalowemo amayesa mapaipi onyezimira a kutsogolo aja ndiwo limba lonse. Amenewo ndi nkhope chabe. Kuseri kwake kuli nkhalango. Paipi iliyonse imatulutsa liwu limodzi lokha, ngati chitoliro chopanda mabowo a zala, choncho makiyi 61 amafuna mapaipi 61. Umenewo ndi mzere umodzi, wa mtundu umodzi wa mawu. Limba la mizere 20 ndiye kuti lili ndi mapaipi ngati 1,220, ndipo limeneli silitchedwa lalikulu n'komwe. La ku Boardwalk Hall mumzinda wa Atlantic City ku America lili ndi mapaipi opitirira 33,000. Ena ndi a matabwa, ambiri ndi a chitsulo chofewa chosakaniza mtovu ndi tini, choti ukachigwira mwankhanza chimaphwanyika m'manja. Aatali amafika mafiti 16, pafupifupi mamita asanu, ena kuposa pamenepo, pomwe aang'ono sapambana pensulo ya mwana wa sitandade wani. Onsewo amakhala pamwamba pa mabokosi a mpweya, ndipo pansi pa mapaipi pali timageti tokutidwa ndi chikopa, totseguka ukadina kiyi. Mdala uja ankati matenda ambiri a limba amayambira pa chikopa. Chitsulo chimakhala zaka mazana, koma chikopa chimauma, chimasweka, mpweya n'kuyamba kuthawa. Ku Sion m'dziko la Switzerland kuli limba lopangidwa cha m'ma 1435 lomwe likuyimbidwabe, ndipo lafika lero chifukwa mibadwo ya amisiri yakhala ikulitsegula, kuchotsa chotha n'kuikamo chatsopano.

La kwathuli lilibe paipi ndi imodzi yomwe. Timangoti limba chifukwa pa Chichewa dzinali limakwanira onse, koma eni ake amalitcha harmonium. M'malo mwa mapaipi muli timalilime ta mkuwa, tofanana ndi ta kalimba kapena sansi, kungoti iti sitikodoledwa ndi chala, timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Amene adalembetsa luso limeneli m'dzina lake ndi Alexandre Debain wa ku Paris, mu 1842. Amishonale adalikonda pa chifukwa chodziwikiratu kwa aliyense amene adakwerapo chitunda cha Golomoti: limba la mapaipi limafuna nyumba yakeyake ndi mmisiri woliyendera, pomwe ili anthu anayi amalimangirira pa mitengo n'kulinyamula paphewa. Ansembe a Montfort adafika kwa Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers adatsegula Mua mu 1902, ndipo m'mipingo iwiri yonseyi mudali ambiri olankhula Chifalansa. Sizodabwitsa tsono kuti mawu onse olembedwa pa limba lathu ndi a Chifalansa. Dzina la kampani lidafufutika, padangotsala malembo angapo agolide osawerengeka.

Ndilifotokoze mmene lilili. Ndi bokosi la matabwa olimba, lofika m'chiwuno, la makiyi 61, ndiye kuti ma octave asanu (octave ndi mtunda wochokera pa do kufika pa do wotsatira). Pansi pali zopondera ziwiri zokutidwa ndi kapeti yemwe adaperepeseka pakati, pomwe pankagunda zidendene za amalume. Pamwamba pa makiyi pali timitu tokoka tokhala ndi nkhope zoyera: kumanzere Cor Anglais 8 ndi Bourdon 16, kumanja Flûte 8 ndi Clarinette 16, pakati Grand Jeu ndi Expression, ndipo kumapeto konse kuwiri Forte. Mainawa angakupusitseni kuti muli mitundu inayi ya mawu, koma mizere ya timalilime ndi iwiri yokha, uliwonse wa 61, pamodzi 122. Mzere uliwonse adaudula pakati, theka la mawu aakulu dzina lake, theka la mawu aang'ono dzina lake, kuti woyimba athe kupatsa dzanja lamanzere mtundu wina ndi lamanja mtundu wina. Grand Jeu amatsegula zonse nthawi imodzi. Forte amatsegula tizitseko kuti mawu atuluke mokweza.

Manambala 8 ndi 16 aja ndidakula ndikuwaona osadziwa tanthauzo, mpaka mdala wa ku Joni adandiimika pafupi ndi paipi yondipitirira kutalika n'kuti, iyi ndiyo 8. Paipi yotseguka kumwamba yotalika mafiti asanu ndi atatu ndiyo imatulutsa C wa kiyi yoyambirira kumanzere. Ukaiwirikiza kutalika kufika 16, liwu limatsika ndi octave imodzi. Ukaidula pakati kukhala 4, limakwera ndi octave imodzi. Limba lathu lidangobwereka manambalawo. Kalilime kolembedwa 16 sikapitirira chala changa chapakati, koma kamadzitcha mafiti 16, ndipo kakalira pansi pamanjenjemera ndithu.

Chinthu chimene amalume ankanyadira kwambiri si mawu ayi, koma kuti makiyi onse amasuntha. Ukawanyamula pang'ono kutsogolo, thabwa lonse la makiyi limatsetsereka kumanzere kapena kumanja, ndiye nyimbo imatsika kapena kukwera zala zikuyenda momwemo mwa masiku onse. Misa yoyamba ya mwezi wa July, nkhungu ili mbuu mpaka pakhomo, anthu atafunda zitenje ndi mabulangete, kukhosi sikutseguka. Amalume ankangosuntha makiyi malo awiri kumanzere osauza munthu, ndipo amayi a kwaya ankatuluka akudziyamikira kuti lero mawu adakwera bwino. Chachiwiri ndi Expression. Mwa nthawi zonse zopondera zimapopa timivukuto tiwiri, timeneti timadzaza mvukuto waukulu wokhala ndi masipuling'i, ndipo waukuluwo ndiwo umapereka mpweya mofanana ngakhale mapazi akuphonyaphonya. Ukakoka Expression, mvukuto waukulu umatsekedwa, mpweya umachoka kuphazi kulunjika ku timalilime. Ukaponda mofatsa limba limanong'ona, ukakanikiza limabangula, ukaphonya limadukiza ngati munthu wantchofu. Ophunzira amakaopa kamutu kameneka. Amalume pa maliro sankayimba popanda iko.

Kupempha chilolezo kudatenga miyezi iwiri, pomwe ntchito yeniyeni idatenga masabata asanu ndi limodzi. Ena a komiti ankati ligulitsidwe kwa anthu ogula zakale, ena ankati matabwa ake ndi abwino, angatuluke kabati yosungiramo zikho. Bambo mfumu adangoti, "Ngati simupempha ndalama ku thumba la mpingo, yesani." Tidalinyamula pa ngolo kupita nalo kwa akalipentala a m'mudzi mwathu, bambo wodekha amene amapanga zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo tidalitsegula Loweruka m'mawa amalume atakhala pampando chapatali, manja ali m'matumba a jekete.

Kunja lidali lowala, chifukwa wina adalipaka vanishi wambiri mpaka pa timitu tokoka. Chikomekome cha mkuyu. Titangomasula ngowe ziwiri n'kutukula chipinda cha timalilime, tidalandiridwa ndi fungo la mbewa. Chisa chidali pakona, chomangidwa ndi nsalu yofiira ya pansi pa makiyi, ndi zikonyo za chimanga, ndi masamba a buku la nyimbo. Mphemvu zidadya guluu. Njenjete zidamaliza nsalu imene mbewa zidasiya. Chiswe chokha ndicho chidatichitira chifundo, chidangolawa mwendo umodzi wakumbuyo n'kubwerera.

Titasesa zonsezo ndi pomwe limba lidayamba kutisimbira mbiri yake. Palibe buku lililonse la parishi lolemba kuti lidakonzedwa liti ndipo ndi yani. Koma aliyense amene adalowetsamo dzanja adasiya chinthu cha nthawi yake, ndipo zinthuzo zidasanjikizana ngati zigamba za pa kabudula wa mbusa wa ng'ombe.

Chigamba chapansi penipeni chidali pa mvukuto waukulu: kachikopa kofewa, kodulidwa mwaudongo, m'mbali mwake mosengedwa kuti musatukuke, komatidwa ndi guluu wophika uja wa zikopa. Akalipentala adakasisita ndi chala nthawi yaitali n'kunena kuti, "Uyu ankadziwa." Kadali kasadatukuke ngakhale pangodya imodzi. Pansi pa chopondera chakumanja, pomwe bawuti idakulitsa bowo, tidapeza wina ataikapo kobiri yobowola pakati m'malo mwa washala, ija ya njovu ziwiri yolembedwa Rhodesia and Nyasaland. Makobiri amenewa adayamba kupangidwa mu 1955, ndiye kukonza kumeneku sikudachitike chaka chimenecho chisadafike, ngakhale kuti kobiri imatha kukhala m'thumba zaka zambiri isadapeze ntchito yotere. M'mphepete mwa bokosi la mpweya, momwe thabwa lidang'aluka, mudali momata ndi mizere ya nyuzipepala, ndipo pa kachidutswa kena tidawerenga mtengo wa sopo m'masheleni ndi mapeni. Kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Amalume atamva zimenezi adasendera pafupi, adayang'ana, n'kuti imeneyo ndi ntchito ya abulazala ena amene ankayang'anira galaja ya mishoni iwo ali mnyamata wotumikira pa Misa.

Kenako padabwera zigamba za chubu cha njinga. Zidali zambiri, zina pamwamba pa zinzake, zomatidwa ndi guluu wa matayala. Apa amalume adatsokomola. "Ameneyo ndine," adatero. "Ukadatani iwe? Mawa lake kudali ukwati." Sindidawayankhe, chifukwa chubucho chidagwira ntchito zaka zambiri, ndipo pa nthawiyo chikopa chofewa akadachipeza kuti? Vuto la chubu ndi loti sichipindika mofanana ndi chikopa. Mvukuto ukamatseguka ndi kutsekeka, mphira imakoka chikopa chakale cha m'mbali mwake mpaka kuching'amba, ndiye chigamba chilichonse chimabala bowo latsopano pambali pake. Pamwamba pa zonse padali za masiku ano: makhadi a mayunitsi okandakanda atawapinda n'kuwalowetsa pansi pa makiyi ogwa, selotepi, ndi misomali itatu ya mainchesi awiri yokhomedwa pomwe pankafunika sikuluwu. Misomaliyo ndiyo idang'amba thabwa la pansi pa mvukuto, ndipo mpweya umene amalume ankati udatha unkathawira pamenepo.

Zonsezi ndidazikhululukira, chifukwa adali anthu ofuna kuti Lamulungu limba lilire. Chimene chidandiwawa chidali pa timalilime. Titatsegula chipinda chake, timalilime 14 ta pakati pa mzere wa 8 tidali tonyezimira kunsonga, topalidwa ndi tupa posachedwapa, pomwe tinzake tonse tidali tofiirira ndi ukalamba. Kalilime amakachuna pokapala: ukapala kunsonga kamapepuka, kamanjenjemera mofulumira, liwu limakwera, ukapala kutsinde kamafewa, liwu limatsika. Koma chimene wapala sichibwerera. Amalume adafotokoza kuti kiyibodi itangogulidwa, achinyamata ankafuna kuti ziziyimbira limodzi ndi limba, koma mawu ankasemphana. Adaitana munthu wina wokonza mawailesi kuchokera kutauni, iye n'kugamula kuti limba ndilo lidatsika ndi ukalamba, liyenera kukwezedwa. Adapala tsiku lathunthu, adatopa, adalandira yake, sadabwerenso.

Ndidatulutsa foni, momwe ndili ndi kapulogalamu kochunira gitala, n'kuyeza timalilime tosakhudzidwa. Tonse tidagwirizana pamalo amodzi, chapafupi ndi 435. Limbalo silidatsike ndi ukalamba ayi, lidabadwa choncho. Mu 1859 boma la France lidakhazikitsa kuti liwu la A lizinjenjemera ka 435 pa sekondi, ndipo zoyimbira za kumeneko zinkachunidwa motero. Muyezo wa 440, womwe makiyibodi onse amabwera nawo lero, adagwirizana pa msonkhano wa ku London mu 1939. Kusiyana kwake n'kochepa, sikufika ngakhale theka la mtunda wa pakati pa kiyi yoyera ndi yakuda yoyandikana nayo, koma zikalirira pamodzi khutu limamva ngati mavu awiri akukangana m'botolo. Chomvetsa chisoni n'chakuti kiyibodi yomweyo ili ndi batani lotsitsira mawu ake onse kufika pa 435. Ntchito ya masekondi khumi, yosafuna tupa.

Zipangizo zokonzera tidazipeza mwa kwathu. Chikopa cha mbuzi cha pamsika, chija amakungira ng'oma, sichingagwire ntchito imeneyi chifukwa n'cholimba ndipo chikauma chimachita gwa. Pankafunika chofewa ngati nsalu koma chosadutsa mpweya. Ndidakwera minibasi kupita ku Lizulu tsiku la msika, ndipo pa kaunjika ndidapeza jekete lachikazi la chikopa chopyapyala, long'ambika mkono umodzi, lomwe mwini wake adakondwa kulichotsa. Njira yoyesera adandiphunzitsa mdala wa ku Joni: umagunditsa chikopa pamilomo n'kuyamwa, mpweya ukadutsa usagule. Amayi ogulitsawo adandiyang'ana ndikupsompsona jekete pakati pa msika, adaitana anzawo kuti adzaone. Nsalu ya pansi pa makiyi tidadula ku chipewa chakale cha agogo. Guluu tidagwiritsa wophika, osati wa m'chitini wonunkha uja, ndipo apa ndidalimbana ndi akalipentala, amene ankati wamakono ndi wolimba kuposa. N'zoona ndi wolimba, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Guluu wophika ukamuthira madzi otentha amasungunuka, chikopa chakutha chimachoka thabwa lili bwinobwino. Wamakonoyo amachoka ndi thabwa lomwe. Zigamba za abulazala zidatuluka ndi kansalu konyowa basi, pomwe za chubu tidachita kupala masiku atatu. Akalipentala atapala tsiku lachiwiri adasiya kutsutsa.

Iwo adachotsa thabwa long'aluka n'kusema lina, adalowetsa mtengo watsopano m'mwendo wa chiswe, adawongola makiyi asanu opotoka powanyowetsa ndi kuwapanikiza. Ine ndidakuta mivukuto itatu yonse ndi timageti 61 ta pansi pa makiyi, kamodzikamodzi. Kageti kakapanda kutseka bwino, liwu lake limalira lokha munthu asadadine, ndipo limalirabe nyimbo yonse ngati mwana wokana kutonthola. Timalilime tambiri tosalira sitidali tothyoka n'komwe. Mpata wa pakati pa kalilime ndi chimango chake ndi wochepa kwambiri moti kanjere ka fumbi kapena mwendo wa mphemvu zimakwanira kukaimitsa. Umangolowetsa kapepala kopyapyala, kukatukula pang'ono, kupemerera, basi kadzuka.

Timalilime 14 tija ndito tidadya nthawi. Pankafunika kutitsitsa kubwerera kwa tinzake, ndiye kupalanso, tsopano kutsinde, pa mkuwa womwe udapyapyala kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kupala kawiri, kubwezera, kupopa, kumvetsera, kutsegulanso. Foni inkandithandiza, koma woweruza adali amalume. Ankadina kiyi pamodzi ndi inzake ya octave yapansi, n'kutseka maso. Mawu awiri akasemphana pang'ono pamamveka kugunda, wuu wuu wuu, ndipo ukamayandikira kugundako kumachedwa mpaka kutheratu. Nthawi zina foni inkati zakwana, iwo n'kupukusa mutu: "Likupumabe. Palanso pang'ono, mwanawe." Ndikapala, kugunda kunkathadi. Tidapulumutsa 13. Ka 14, F wa pamwamba pa C wapakati, kadali ndi mng'alu kutsinde umene sindidauone. Nditangokagunda ndi tupa kadathyoka n'kugwera m'dzanja langa. Ndidakhala chete. Amalume adakatenga, adakayang'ana kudzuwa, adakakulunga m'kapepala n'kukaika m'thumba la malaya.

Pali chinthu chimodzi chimene limba la timalilime limaposa la mapaipi, makamaka kuno kwathu. Ku Joni tinkachuna kawiri pachaka chifukwa liwu la paipi limadalira mpweya wa m'kati mwake: kukatentha limakwera, kukazizira limatsika. M'tchalitchi cha malata ngati chathu, momwe m'mawa wa July mano amaguguda koma masana a October thukuta lili kamukamu, limba la mapaipi likadasokonekera Lamulungu lililonse. Kalilime ka mkuwa sikasamala kwenikweni za nyengo. Timene sitidakhudzidwe ndi tupa tidali tikadali pomwe adatisiya amene adatichuna kutsidya kwa nyanja.

Ena adandifunsa ngati sindikubweza mpingo m'mbuyo, ku nthawi ya Chilatini pomwe ng'oma inkaonedwa ngati ya kudambwe. Funsolo si lopusa. Amalume amakumbukira nthawi imene limba lokha ndilo linkaloledwa, ndipo amakumbukiranso chimwemwe cha tsiku limene ng'oma ndi zisekese zidalowa m'tchalitchi. Zonse ziwiri zili m'chikalata chimodzi cha msonkhano wa Vatican II chokhudza chipembedzo, cha mu 1963. Ndime 120 imati limba la mapaipi lipatsidwe ulemu waukulu mu Mpingo wa Chilatini, koma imalolanso zoyimbira zina, ndipo ndime 119 yapamwamba pake imati nyimbo za makolo a anthu a m'maiko a mishoni zipatsidwe malo oyenera. Ku Mua, bambo Claude Boucher adatsegula malo a chikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo aliyense amene adapitako amadziwa kutalika kwa ulendo umene mpingo wayenda pa nkhani ya chikhalidwe. Kwathu limba ndi ng'oma zidakhala limodzi zaka zambiri popanda mkangano, limba pa nyimbo zofatsa za Lenti ndi za maliro, ng'oma pa Ulemu ndi pa zopereka. Chimene chidachotsa limba si ng'oma. Ndipo kunena mosapsatira, chimene chikuchotsa ng'oma m'matchalitchi ambiri lero ndi kiyibodi yomweyo, ndi ng'oma zake za m'batani zimene sizidziwa kudikira amayi akamakoka mawu kumapeto kwa ndime.

Sindikuida kiyibodi. Mnyamata amene amaiyimba ndi waluso, amagwira nyimbo ndi khutu kamodzi kokha, ndipo ndi iye adatithandiza kunyamula limba pobwerera. Kwaya ya achinyamata ikamapita ku mpikisano singanyamule bokosi la anthu anayi. Koma ndidaona kusiyana kumodzi. Kiyibodi imatulukira m'sipika, pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo anthu amaitsatira kapena kungoimvera. Limba limapuma ndi mapazi a munthu amene nayenso akuyimba, ndipo mawu ake amalowa pakati pa mawu a anthu osawaphimba. Agogo ena achikazi amene adasiya kuyimba m'tchalitchi adandiuza kuti sipika inkawalanda nyimbo m'kamwa.

Tidalibweza Loweruka lina kumapeto kwa September, fumbi litayamba. Komiti idagamula kuti likhale kumbuyo, pafupi ndi khomo, lizigwira ntchito pa Misa ya m'mawa ya pakati pa sabata ndi pa maliro, ndiponso magetsi akathima. Tisadatseke, akalipentala adafunsa ngati tichotse kobiri ya njovu ija tiikepo washala weniweni. Amalume adakana, ndipo idabwerera pamalo pake. Ine ndidalemba ndi pensulo m'kati mwa chivundikiro zonse zimene tidachita, kuti chikopa n'cha jekete, guluu ndi wophika, ndipo m'malembo akuluakulu: LIMBA ILI NDI LA 435, MUSAPALE. Pa mvukuto wakumanzere pali chigamba chimodzi chokhala ndi mzere wa ulusi wa thumba la jekete, chifukwa chikopa chidatithera.

Lachitatu lotsatira amalume adakhala pampando wake patapita zaka. Mawondo adatha, sangapope nyimbo yopitirira ndime ziwiri, ndiye kamdzukulu kawo ka sitandade 5 kamakhala pansi n'kumakankha zopondera ndi manja, iwo akuyendetsa zala. Expression sakokanso, poti mapazi si awo. Pa F wothyoka uja mzere wa 8 umangoti fuu, mpweya wokhawokha. Akakoka Clarinette 16 bowolo limabisika, koma iwo sakonda kulemeretsa nyimbo ya m'mawa, choncho amasuntha makiyi malo amodzi kuti F agwere pa kiyi yakuda imene nyimboyo siyipondapo. Nyimbo iliyonse ili ndi malo ake osunthira, ndipo adawalemba pakapepala komata m'mbali mwa timitu tokoka.

Kalilime kothyokako kali mu envelopu, pamodzi ndi muyezo wa chimango chake ndi kalata yopita kwa mdala uja, ngati akadali moyo. Mwana wa achemwali anga akukwera basi ya ku Joni mwezi wamawa. Amalume amuuza kale kawiri kuti envelopuyo asaiike m'chikwama chachikulu, aisunge m'thumba la malaya pamodzi ndi pasipoti.